Ndalama za anthu m'thumba mwathu

Kwa zaka zinai tinali kugulitsa machaja, makava a foni na matochi pa kantemba ku City Market. Tili awili, mkulu na mng'ono wake. M'mawa tinali kuoda katundu ku Kamwala, madzulo tawelenga ndalama, tadziwa ngati tsiku layenda kapena iyai. Phindu linali lochepa, koma tulo tinali kugona.

Mu 2024 madzi anachepa ku Kariba, malaiti anayamba kusowa pafupifupi tsiku lonse. Aliyense anafuna nyale ya sola na pawa banki. Ku Kamwala katundu anali kutha ife tikalibe kufika. Apo m'pamene tinafunsana kuti, nanga tiimililanji pa mzele wa munthu amene nayenso amangooda ku China?

Wogulitsa tinam'peza pa Alibaba, nkhani tinapitiliza pa WeChat. Mtengo wake unatisekesa, koma sanali kugulitsa zochepa. Anafuna titenge makatoni ambili nthawi imodzi, ndipo ndalama zathu sizinafike olo pakati. Tinazungulila anzathu a tuntemba, khumi na mmodzi anavomela kulipilatu hafu. Tsiku limenelo tinakhala anthu a pakati osadziwa.

Njila ya katundu ni yaitali. Achoka ku fakitale kupita ku nyumba yosungilamo katundu ku Guangzhou, kumene amalipilitsa kulingana na malo amene makatoni ako adya mu kontena. Kontena muli ambili, ndiye muyembekezana mpaka idzale. Ikwela sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, ikwela thilaki, ilowela pa Nakonde. Pamenepo pali msonkho wa kasitomu, pamwamba pake VAT ya 16 peresenti.

Apa m'pamene tinalakwa, ndipo palibe wina womunena. Anzathu tinawauza mtengo mu kwacha pa tsiku loyamba. Koma ise tinali kulipila mu dola, osati kamodzi. Wogulitsa tinam'lipila poyamba, a kontena pamene katundu anafika, ndipo msonkho nawonso umawelengedwa pa mtengo wa dola wa nthawi imeneyo. Chaka chimenecho dola inali kuyenda pamwamba pa K25, lelo yatsika, mawa yakwela. Pa kantemba dola ikakwela umangosintha mtengo m'mawa. Ukalonjeza munthu mtengo miyezi iwili kumbuyo, kusiyana konse kuchoka m'thumba mwako.

Tinalonjeza masabata asanu na limodzi. Anakwana khumi. Amai ena amene anatipatsa ndalama zawo za chilimba amapemphela pamodzi na amai athu, ndiye nkhani inafika kunyumba ise tikalibe kuikonza. Tsiku lina anayembekeza panja pa wailesi imene mmodzi wa ise amathandizako pa Chiwelu. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mwana wanga, katundu alikodi?" Tinawaonetsa zithunzi za makatoni pa foni, koma naise tinadziwa kuti chithunzi aliyense angatume.

Katundu atafika, katoni imodzi yathunthu inali na nyale zosagwila moto. Wa ku China anapepesa bwino-bwino, nati adzachotsako mtengo pa oda yotsatila. Kwa iye nkhani inathela pamenepo. Iye ni dzina chabe pa foni, sitingamupeze pa Lumumba Road. Koma amene anatipatsa ndalama adziwa geti yathu, adziwa na basi imene timakwela. Tinawabwezela za nyale zakufa kuchoka pa ndalama za kantemba, ndipo mwezi umenewo lendi tinachita kukongola.

Ena amati nchito iyi ni yopepuka chifukwa sunyamula katundu pamutu, umangogwila foni. Ise tinaona kuti chimene unyamula ni nkhawa ya anthu khumi na mmodzi, ndipo siitsika madzulo monga mmene timatsekela kantemba.

Sitinaleke. Oda yachiwili tinayamba taitanitsa zitsanzo zisanu pa ndeke, tazichaja na kuziyatsa sabata yonse. Mtengo manje timalemba mu dola pa pepala, aliyense asaina, ndipo tsiku lofika timawonjezela mwezi dala. Atatu anakana, anabwelela ku Kamwala, ndipo sitiwaimba mlandu. Kantemba nako sitinatseke, ngakhale poyamba tinali kukamba monga tikasiya.

China ili patsogolo pathu na maola asanu na limodzi. Akatsegula maofesi kumeneko, kuno ni 03:00. Foni timagona nayo pafupi na mutu, mosinthana, sabata ino mkulu, ya mawa mng'ono.