Tsiku Limodzi ku Zanzibar

Sitima imene tinakwera ku Durban inafika ku Zanzibar kutangocha, ndipo anatichenjeza kuti dzuwa likamalowa tikhale titabwerera. Tikiti anatigulira ndi mwana wa achimwene athu amene amagwira ntchito ku South Africa. Apaulendo ambiri anakwera mabasi kunka ku magombe a mchenga woyera. Ife tinasankha kuyenda wapansi mu Stone Town, pakuti dzina loti Unguja tinakula tikulimva pakamwa pa agogo athu.

Njira za mumzindawu n'zopanikiza moti zambiri galimoto silingadutsemo. Tinadutsa zitseko zosemedwa mwaluso, tinagula tende pamsika wa Darajani, ndipo paliponse salamu yathu inkayankhidwa. Mikanjo yoyera ndi mawu a ana owerenga Qur'an kuseri kwa mazenera zinatiiwalitsa kuti ndife alendo. Mumtima tinkanyadira kuti kuno n'kumene kunachokera Jumbe wa ku Nkhotakota, mmodzi mwa anthu amene anafikitsa Chisilamu kunyanja kwathu m'zaka za m'ma 1800.

Kunyadako kunatizirala titafika pa Mkunazini, pamene panali msika wa akapolo mpaka unatsekedwa mu 1873. Lero pali tchalitchi cha Anglican, ndipo pambali pake pali dzenje momwe mwaima ziboliboli zisanu zomangidwa unyolo m'khosi. Wotiperekeza atamva kumene tachokera anatsitsa mawu, nati ambiri ogulitsidwa pamenepo anali Anyasa ndi Ayao. Ankawaolotsa nyanja yathu pa zombo, nkuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa. Tinaima nthawi yaitali osanena kanthu. Njira imene inatibweretsera Shahada ndi yomweyo imene inatenga abale athu, ndipo ena mwa owagulitsa ankaswali monga ife.

Pamadrasa takhala zaka zambiri tikuphunzitsa mbali yokoma yokha ya mbiriyi. Tinkaopa kuti ana akamva inayo chikhulupiriro chawo chigwedezeka, ngakhale kuti kusukulu amaimva ndithu, ndipo amabwera nayo ali ndi manyazi.

Adhana ya Zuhr inatipeza tikulowera ku mzikiti wakale wa Malindi. Tili pa udhu tinakumbukira kuti woyamba kuitana adhana anali Bilal, kapolo amene Abu Bakr anamuombola, ndiponso kuti Surah Al-Balad imatchula kumasula kapolo ngati njira yokwera imene munthu ayenera kuilimba mtima. Amene ankamanga anzawo unyolo anali ndi mawu amenewa m'nyumba zawo, koma phindu la minyanga ndi anthu linawatseka makutu. Titatha swala tinapempha duwa chifukwa cha otengedwawo, amene mayina awo adziwa ndi Allah yekha.

Tinabwerera kusitima mapazi atatupa, tende wathu tisanamudye n'komwe. Usiku umenewo tinalemba phunziro latsopano. Insha Allah, ana a pamadrasa athu adzamva za Nkhotakota, Kilwa ndi Mkunazini kuchokera kwa ife aphunzitsi awo, mbali zonse ziwiri.