Mayi Amene Anapambana ku Wimbledon Ali ndi Mwana

Amayi anzanga, kawirikawiri timamva kuti mtsikana akakwatiwa ndi kubereka, luso lake lathera pomwepo. Lero ndikufuna tione moyo wa Evonne Goolagong, katswiri wa masewera a tenisi wa ku Australia, kuti tiyeze ngati mawu amenewa ali oona.

Evonne anabadwa m'chaka cha 1951, mwana wachitatu mwa ana asanu ndi atatu, wa mtundu wa eni nthaka otchedwa Aborigine. Bambo ake ankameta ubweya wa nkhosa, ndipo banjali linkakhala m'katauni kakang'ono ka Barellan. Masiku amenewo boma linkalanda ana a mtundu wawo, kotero galimoto yachilendo ikamabwera, Evonne ankabisala pansi pa bedi. Chomenyera mpira chake choyamba chinali thabwa la bokosi la zipatso, ndipo ankamenyetsa mpira pakhoma. Tsiku lina bambo Bill Kurtzman anamuona akusuzumira pampanda wa bwalo la tenisi, namuitana kuti alowe. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ali ndi zaka 14 anachoka kwawo kukakhala ku Sydney m'nyumba ya mphunzitsi wake, Vic Edwards. Apa pali chenjezo kwa ife makolo. Patapita zaka, Evonne anaulula kuti mphunzitsiyo, amene ankasunganso ndalama zake, ankamufunsira zosayenera. Mwana wamkazi tikampereka kwa achibale kapena kwa aphunzitsi kutali, tisaleke kumuyendera ndi kumufunsa za moyo wake.

Mu 1971, ali ndi zaka 19, anapambana mpikisano wa French Open ku Paris, kenaka wa Wimbledon ku London, kumene anagonjetsa Margaret Court. Mu 1975 anakwatiwa ndi Roger Cawley, ndipo anasiyana ndi Edwards. Mwana wawo woyamba, Kelly, anabadwa mu May 1977. Chaka chisanathe, mu December, mayi wakhandayu anapambana Australian Open kachinayi. Mu 1980 anagonjetsa Chris Evert Lloyd n'kutenganso chikho cha Wimbledon. Chiyambire 1914, panalibe mayi wobereka amene anachitapo zimenezi.

Kodi anatha bwanji? Mwamuna wake sanachite nsanje ndi kutchuka kwake. Ankayenda naye m'maulendo, kumuthandiza pokonzekera masewera ndi kuyang'anira zochitika zake. Abambo akunyumba kwanu akamawerenga nyuzi ino, muwaonetse ndime imeneyi.

Evonne anapuma pamasewera mu 1983 atapambana zikho zikuluzikulu zisanu ndi ziwiri. Pambuyo pake anadzipereka kuphunzitsa tenisi ana a mtundu wake ndi kuwalimbikitsa kuti asasiye sukulu. Mu 2022 ndiye anapereka chikho cha Australian Open kwa Ashleigh Barty, mtsikana wina wa mtundu wa eni nthaka.

Tsono amayi, yang'anani ana anu aakazi. Wina amakonda mpira wa manja, wina kuthamanga, wina masamu. Musamuthamangitsire kumtondo nthawi zonse. Mpatseni mpata, mumuteteze, ndipo akadzakwatiwa mumukumbutse kuti luso lake apite nalo kubanja.