Mlendo wa mu Mulunguzi

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti chisanu chimakhala chikutsazika. Kuchigwa anthu amakhala atayamba kale kuvula majuzi, ndipo mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira. Koma pamwamba pa phiri la Zomba, limene nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, kumachabe ndi nkhungu, ndipo madzi a mtsinje wa Mulunguzi amaluma zala. Nthawi imeneyi ndiyo timakwera phirili chaka ndi chaka. Tilipo awiri, mkulu ndi mng'ono wake, obadwa bere limodzi, ndipo tonse imvi zayamba kutimera. Timanyamula ndodo imodzi yowedzera, kabokosi ka mbedza, mbatata yootcha ndi botolo la tiyi.

Kuwedza kumeneku tidakuphunzira kwa malemu bambo athu, amene adali mlonda wa nkhalango pa phiripo m'zaka za m'ma 1970. Iwo adayamba ndi kunyamulira dengu mzungu wina wa ntchito za nkhalango, amene ankakonda kupita kumtsinje Loweruka. Pobwerera kwawo, mzunguyo adawasiyira ndodo yake, yopepuka ngati bango, pamodzi ndi kabokosi kamene tili nako mpaka lero. Anthu a kumudzi ankawaseka bambo. Munthu wamkulu, wa banja lake, kukhalira kukwapula madzi ndi chingwe tsiku lonse n'kubwerako ndi nsomba ziwiri, chikhalirecho ku nyanja ya Chilwa matemba amagulitsidwa pa chidebe! Bambo sankayankha. Ankangopempha nthenga kwa aliyense amene wapha nkhanga kapena tambala.

Nsomba imene ankawedzayo imatchedwa trout, ndipo ilibe dzina la Chichewa popeza ndi mlendo. Kwawo ndi ku mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, yothira m'nyanja yaikulu ya Pacific. Atsamunda ndiwo adabwera nayo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Zomba ili likulu la boma, naiika m'mitsinje ya pa phirili. Idaikidwanso pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika. Thupi lake ndi la mawangamawanga akuda, ndipo m'nthiti muli mzere wofiirira kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kuchigwa singathe kukhala. Imakondwa m'madzi a madigiri 10 mpaka 16. Akapitirira madigiri 20 imayamba kufooka, ndipo akafika cha m'ma 25 imafa.

Kawedzedwe kake ndi kosiyana ndi kamene tidazolowera kumudzi. Nyongolotsi sizilowapo. Nyambo yake ndi nthenga ndi ulusi zomangidwa pa kambedza kakang'ono, mofanizira tizilombo timene nsombayi imadya. Bambo ankangoitcha ntchentche. Popeza ntchentcheyo ilibe kulemera, chimene munthu amaponya ndi chingwe, chimene chimapangidwa cholemerako dala. Umachikupiza m'mwamba, kumbuyo ndi kutsogolo, mpaka chitatambasuka, kenaka n'kuchisiya kuti chigwe pa madzi mofatsa ngati tsamba. Ukachita mwaphuma chimakola m'nthambi, ndipo ntchito ya usiku wonse yomanga nthenga imatsala lende mumtengo.

Miyezi ya chisanu chenicheni, Juni ndi Julayi, bambo sankaponya mbedza ndi pang'ono pomwe, chifukwa ndi pamene nsombazi zimaswana. Ankadikira chisanu chitayamba kutha. Koma nthawi imeneyo ili ndi zovuta zake. Mvula idaleka kalekale, madzi ndi ochepa ndiponso oyera mbee, kotero kuti nsomba imakuona usanaione. Popeza imakhala itayang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya chobwera nawo, msodzi amaidzera kumbuyo, kukwera mtsinje chowerama, kusamala kuti chithunzithunzi chake chisagwere pa dziwe. M'mamawa nsomba imakhala pansi, yaulesi chifukwa cha kuzizira, ndipo umaipatsa ntchentche yomira, yofanana ndi mphutsi za pansi pa miyala. Dzuwa likakwera, tizilombo timatuluka m'madzi n'kuyamba kuuluka, ndipo pa dziwe pamaoneka timizere tozungulira pamene nsomba yatola kanthu. Apo ndiye umamanga ntchentche yoyandama. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife mwambi umenewu tidaumvetsa titagwada pa udzu wonyowa, maondo ali dzanzi, tikuopa ngakhale kutsokomola.

Bambo adalibe chipangizo choyezera kutentha kwa madzi. Chipangizo chawo chidali dzanja. Akafika pa dziwe ankapinda malaya, n'kumiza mkono mpaka m'chigongono, n'kuyamba kuwerenga. Ankati dzanja likayamba kuwawa usanafike makumi awiri, mtsinje uli bwino. Koma ukawerenga mpaka kutopa wekha, mtsinje wadwala. Ife tinkayesa nthabwala, mpaka chaka cha 1979.

Chaka chimenecho, m'mwezi wa Sepitembala, tidachita chinthu chimene sitidaululepo kwa anthu kufikira lero. Tidapita kosaka mbewa m'dambo lina la kumtunda, kumene kamtsinje kena kothira mu Mulunguzi kamayambira, ndipo tidayatsa udzu kuti mauna aoneke. Mphepo idatembenuka. Moto udatilaka, nutsika ndi khwawa, nunyeketsa tchire lonse ndi mitengo imene inkaphimba maiwe atatu amene bambo ankawakonda kopambana. Anthu a nkhalango adauzima usiku, bambo ali pakati pawo. Atafika kunyumba m'mbandakucha, nsidze zitapserera, adatiyang'ana kumapazi kumene kudali kodzaza phulusa, koma sadanene kanthu. Tidadikira chikwapu sabata yathunthu. Sichidabwere.

Chidabwera patapita chaka, ndipo sichidali cha mtengo. Chisanu chikutha, bambo adatitenga kupita ku maiwe aja. Kumene kudali mthunzi kudali dzuwa lokhalokha. Nsangalabwi zoyera zimene tinkaziona pansi pa madzi zidali zitakwiririka ndi matope ofiira amene mvula idakokolola pa lupsa. Adatiuza kuti titembenuze miyala; pansi pake padalibe mphutsi kapena nkhanu. Tsono adati, “Anyamata inu, pisani manja, muwerenge.” Tidawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, manja osamva kanthu. Iwo adati, “Nsomba zija sizidapse ndi moto wanu. Zafa pang'onopang'ono, miyezi yonseyi, inu mukudya nsima.” Atatero adasenza ndodo yawo n'kutsogola, ndipo tidabwerera kunyumba popanda woyankhula.

Zimene bambo ankadziwa ndi dzanja, tidadzazimva bwino titakula. Nsomba imapuma mpweya wosungunuka m'madzi, ndipo madzi ozizira ndiwo amasunga mpweya wambiri. Madzi a madigiri 10 amaposa a madigiri 25 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choipa china n'chakuti madzi akatentha thupi la nsomba limafuna mpweya wochuluka, nthawi yomweyo imene mpweyawo wachepa. Chimene chimasunga kuzizira ndi mthunzi wa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndiponso madambo a kumtunda amene amamwa mvula ngati thonje n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe chilimwe chonse. Nsangalabwi nazo zili ndi ntchito. Trout yaikazi imakumba kadzenje pakati pa timiyalato ndi mchira wake, n'kuikira mazira, n'kukwirira. Mazirawo amakhala m'menemo mwezi wathunthu kapena kupitirira, ndipo amakhala ndi moyo pokhapokha madzi akamadutsa m'mipata ya timiyala. Matope akatseka mipatayo, mbewu ya chaka chonse imafera pansi popanda woona.

Chaka cha 2024 tidakweranso monga mwa chizolowezi. Tidayamba kuwedza nkhungu isanachoke, tidasintha ntchentche kasanu ndi kawiri, ndipo pofika masana tidalibe kanthu. Kusapha nsomba si chachilendo kwa msodzi. Chimene chidatiwawa ndi zimene tidaona m'njira: zitunda zometedwa mpala, zitsa zakuda, malo amene moto wolusa udadutsa, ndi timakwawa timene kale tinkayimba chaka chonse koma tsopano tili gwaa. Potsika madzulo tidakumana ndi anthu ambiri atasenza nkhuni ndi matabwa, ena akukankha njinga zolemedwa. Mkulu wa ife adayamba kudandaula za kuuma mtima kwa anthu a masiku ano. Mng'ono adangofunsa kuti, “Achimwene, kodi tiyi ali m'botoloyu waphikidwa ndi chiyani?” Tonse tidakhala chete. Thumba la makala lili pakhonde pa aliyense wa ife, ndipo sitidafunsepo wogulitsa kumene mtengo wake udagwa. Moto wa 1979 tidauyatsa ndi machesi. Wa lero timauyatsa ndi ndalama, n'kusiya mmphawi kuti ndiye ade m'manja.

Mwina wina mwa inu owerenga afunsa kuti, kodi nsomba ya azungu ikutikhudza bwanji? Ndi angati mwa ife adailawapo? Funsoli ndi loyenera, ndipo sitifuna kumuyeretsa mlendoyu. Trout ndi nsomba yolusa. Imadya tizilombo, ana a achule ndi tinsomba tating'ono, ndipo m'maiko ena, monga South Africa, idachepetsa nsomba za eni nthaka m'mitsinje imene idaikidwamo. Sitingalangize munthu kuti akaiike mumtsinje umene mulibe. Koma pamene ilipo kale, ili ndi ntchito imodzi imene nsomba zathu zopirira sizingagwire msanga. Mlamba umapirira m'matope, makumba amapirira madzi ofunda, koma trout sipirira. Madzi akangoyamba kutentha kapena kuda, iyo ndiyo imayamba kusowa. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono tiyeni tiwatsatire madzi amenewa kumene amapita. Mulunguzi amadzaza damu lalikulu la pa phiripo, ndipo madzi a damulo ndiwo amatuluka m'mipope ya mzinda wa Zomba, m'nyumba, m'sukulu ndi m'zipatala. Otsala amatsika phiri n'kukathira mu Likangala, ndipo Likangala amathirira madimba ndi minda ya mpunga asanakalowe m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulukira, ndi yosaya, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje yochokera kumapiri. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adakhala pa nthaka yong'aluka. Chilala ndicho chimayambitsa zimenezi, koma mtsinje wopanda mitengo ndi madambo umataya madzi ake onse m'dzinja, n'kunyamula dothi kukakwirira nyanja, chilimwe n'kukhala wopanda chopereka. Choncho matemba aja, amene anthu ankawasekera nawo bambo, amamwa madzi omwewo amene trout imapumamo kumtunda.

Phiri limadziwanso kubwezera mwa njira ina. Agogo athu ankasimba za Napolo amene adatsika mu Zomba mu Disembala 1946, nakokolola milatho ndi nyumba, ndipo tonse tikukumbuka zimene namondwe Freddy adachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Mvula yoopsa chotere palibe nkhalango imene ingaitchinge kotheratu. Koma phiri lovala ndi phiri lamaliseche salandira mvula mofanana, ndipo okhala m'munsi ndiwo amadziwa kusiyana kwake.

Sitikulemba ngati anthu opanda mlandu, ndipo sitinganamize munthu kuti tasiyiratu makala. Zimene tayamba ndi zazing'ono. Kumakomo kwathu tidagula chitetezo mbaula, ndipo mapesi a nandolo amene kale tinkatentha m'munda tsopano timaphikira. Dimba lathu la kumudzi, limene lidafika mpaka m'madzi, talibweza m'mbuyo, ndipo m'mphepetemo tabzala mikuyu, mibawa ndi nsungwi. Anthu akamakalambula njira zotchinga moto chisanu chikamayamba, timatenga makasu athu n'kupita nawo. Adzukulu athu tidawakhazika pansi n'kuwauza nkhani ya mbewa ija, osabisa kuti oyatsa moto adali agogo awo. Ndipo tsiku limene mwayi watigwera, nsomba yakodwa, timanyowetsa manja tisanaigwire kuti tisachotse nembanemba yoterera imene imaiteteza ku matenda, n'kuichotsa mbedza, n'kuibwezera m'madzi. Zatsala zochepa, ndipo zili ndi ntchito yoposa kukhala ndiwo.

Tsiku lija la 2024, tisanayambe kutsika, tidapatuka n'kukwera khwawa lina kumene mitengo yachilengedwe idakalipo, nthambi zake zitakumana pamwamba pa madzi. Pansi pa dziwe nsangalabwi zinkawerengeka imodzi ndi imodzi. Titatembenuza mwala, mphutsi zidabalalika, kankhanu kadathawira pansi pa wina. Tidakhala pa thanthwe tikudya mbatata yathu, ndipo patapita nthawi, pafupi ndi muzu wa tsidya lina, padaoneka kamzere kozungulira kamodzi, kenaka madzi adakhalanso bata. Palibe adagwira ndodo. Tidapinda malaya, tidamiza mikono mpaka m'zigongono, n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati ana a sukulu. Mng'ono adatulutsa dzanja pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mkulu, pofuna kusunga ulemu wake, adapirira mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.