Ulendo wa ku Quelimane, kwa amene anali alendo athu

Ambiri a inu munabadwa nkhondo ya ku Mozambique itatha, choncho mundilole ndiyambire kumbuyo pang'ono. Cha m'ma 1986 anthu ankaoloka mtsinje wa Muloza usiku, ana kumsana, mphasa pamutu. Pofika 1992, pamene Frelimo ndi Renamo anasainirana pangano la mtendere ku Rome, dziko lathu linali likusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ena anali m'misasa, koma ambiri anangolowa m'midzi, pakuti magazi ndi amodzi. Banja lina mwa amenewo linakhala pakati pathu kuno ku Likhubula kufikira 1993. Mwezi wathawu ine ndi mayi akunyumba tinapita kukalichezera ku Quelimane.

Tinanyamuka kusanache, phiri la Chambe likadali mumtambo. Tinadutsa pa Chitakale, pa boma, m'minda ya tiyi, mpaka pa chipata cha Muloza. Mukadinditsa ziphaso n'kulowa m'tauni ya Milange, mudzadabwa kuti chasintha ndi ndalama ndi zikwangwani zokha. Wogulitsa nthochi akukupatsani moni m'Chichewa, chenji akukubwezerani m'mametikali. Msewu wa ku Mocuba, wa makilomita pafupifupi 200, tsopano ndi wa phula. M'mbali mwake muli chinangwa, nandolo, ndi matumba a makala ochuluka moti mtima unandiwawa poganizira mitengo. Chichewa chimanka chichepa, Chilomwe n'kulowa, ndipo mukadutsa pa Mocuba n'kutsikira kuchigwa mumayamba kumva Chichuwabo. Pa Nicoadala anatigulitsa zinanazi. N'zotsekemera ndithu, koma mwana wa ku Mulanje sangavomere pagulu kuti zaposa zathu.

Kuchokera pamenepo mphepo imasanduka yofunda ndi yachinyezi. Madambo a mpunga, kenaka migwalangwa ya kokonati yosawerengeka, kenaka njinga za kabaza zodzaza mzinda wonse.

Njira imeneyi, abale, si yachilendo kwa ife. Akapolo ogwidwa kumtunda kuno ankawapititsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese kulowera kugombe lomweli, n'chifukwa chake Angerezi anamanga Fort Lister pampatapo mu 1893. David Livingstone anatulukira ku Quelimane mu 1856 atadutsa Africa kuchokera kunyanja ya kumadzulo, ndipo amishoni oyamba a ku Scotland ankalowera chigawo chomwecho popita ku Zambezi ndi Shire. Makolo a Alomwe ambiri amene timakhala nawo pabenchi limodzi m'tchalitchi anachokera tsidya lomwelo. Ngakhale namondwe wa Freddy, amene anatilanda abale mu March 2023, anayamba wagwetsa nyumba kwa iwo asanafike kwa ife.

Amene anatilandira anafika ku Likhubula ali mnyamata wopanda nsapato. Lero ndi bambo waimvi, wa zidzukulu. Anatisiyira chipinda chake, iye n'kukagona pamphasa pabalaza. Titakana, anati: “Achimwene, bambo anu sanatifunse chiphaso. Lero musandimane mwayi wanga.” Alamu anaphika mpunga wa kumunda kwawo ndi nkhuku yothira mkaka wa kokonati. Mawa lake anatitengera ku Zalala kukaona nyanja yamchere. Mayi akunyumba analawa madziwo ndi chala kuti atsimikize.

Koma chimene ndabwera nacho si nyanja. Usiku, tikucheza pakhonde, mbaleyo anayamba kutchula amayi a Mvano amene anapatsa mayi ake mphika, chitenje ndi kachigawo ka dimba. Anawatchula mmodzimmodzi, patapita zaka zoposa 30. Anakumbukiranso, mosakwiya, mawu achipongwe amene ana ena ankamunena pa chitsime. Zonse ziwiri anazisunga.

Mukawerenga buku la Rute, musathamangire m'munda wa Boazi. Imani kaye pa mutu woyamba. Amene anayamba kuthawa ndi a ku Betelehemu, Elimeleki ndi Naomi, njala itawapirikitsira ku Moabu. Pambuyo pake m'pamene Mmoabu anadzakunkha ku Betelehemu. Ife a ku Mulanje nkhaniyi tikuidziwa ndi miyendo yathu. Chaka chimene chimanga chavuta, ndani amene sakwera njinga kukagula ku Milange? Nanga bwanji munthu wa tsidya lija akabwera kuchipatala kapena pamsika wa Limbuli, ena mwa ife, Akhristu a mgonero, timamutchula mayina onyoza ndi kumukwezera mtengo? Ineyo ndikuona kuti limeneli ndi tchimo lofunika kulitchula pa guwa, monga timatchulira kuledzera.

Pobwerera anatisenzetsa thumba la mpunga, nati si lathu. Ndi la amayi aja, kapena ana awo ngati eni ake anatsogola. Mayina ndinawalemba m'kope. Atatu ndawapeza kale, awiri anagona, mmodzi akuti anasamukira ku Phalombe. Amene mukukumbukira banja limene linkakhala kuseri kwa dimba la malemu bambo anga, mundipeze Lamulungu likudzali mapemphero akatha, ndipo mubwere ndi kathumba.