Tsiku limene laputopu inandichititsa manyazi pa doko

Ambiri mwakhala mukundiseka za tsiku lija pa doko, ena mpaka kundipatsa dzina loti Bwana Loading. Chabwino, ndavomera. Koma poti ena mwandifunsa kumbali kuti nanunso malaputopu anu akuchita zomwezi, ndati ndilembe nkhani yonse kamodzi, aliyense atolepo chake. Ndi yaitali, kaphikeni kaye tiyi.

Laputopu imeneyi madala anandigulira mu 2022 nditalemba mayeso a Fomu 4. Inali yoti wina anagwiritsapo kale ntchito: RAM ya 4GB, hard disk ya 500GB, Windows 10. Ndalama yake inali ya usipa, ndipo inu a ku Msaka mukudziwa kuti ndalama ya usipa imabwera ndi tulo ta anthu angati. Pangano linali lakuti ndiziphunzirira, komanso ndizisunga mawerengero a boti: mafuta, zigoba zimene zaphedwa, amene wagula, amene watenga pa ngongole, ndi gawo la alovi. Kale zonsezi zinkakhala m'kope la madala lija lonunkha petulo. Ine ndi amene ndinawanyengerera kuti kope ndi zachikale, tizilemba mu Excel.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Ndikatseka chivundikiro n'kudzatsegulanso, nthawi zina imadzuka msanga, nthawi zina sikirini imangokhala bii kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Ndinkangoti ndi ukalamba, n'kumadikira.

Ndiye linafika tsiku lija. Unali mdima wa mwezi, Mwera utaleka, usipa unafa bwino. Maboti anakocheza cha m'ma 6 koloko. Ndinalemba mwachangu amene watenga zigoba zingati, n'kutseka laputopu osadina Save, kuiponya m'chikwama, kuthamangira kukathandiza kuyanika pa thandala. Usiku wonse magetsi kunalibe, ndiye batire linali kale pansi. Cha m'ma 10 koloko alovi anakhala pansi kudikira gawo lawo, mayi wina wogula wa ku Limbe galimoto ikumudikira. Madala anati, "Tatsegula makina akowo tiwerengere."

Ndinatsegula. Bii. Ndinadina batani la pawa. Bii. Mphindi imodzi, ziwiri. Anthu amene sanagone usiku wonse akundiyang'ana. Siginala wathu anati, "Aise, kapena nayonso inali pa nyanja usiku?" Anthu kuseka. Mtima unandithawa, ndinakanikiza batani la pawa osachotsa chala mpaka inazimiratu, n'kuyatsanso. Itayaka, zonse ndinalemba m'mawa zija munalibe. Excel imasunga yokha pakapita mphindi 10 zilizonse, koma ine ndinali nditalemba mphindi zisanu zokha n'kutseka.

Mayi uja anati anatenga zigoba 24. Alovi anati zinali 30. Ine m'mutu mwanga munali 30, koma umboni ndinalibe, ndipo mpaka lero sindinganene kuti mayiyo ananama, mwina anasokoneza ndi za boti lina. Madala analandira ndalama ya 24, koma alovi anawawerengera gawo lawo pa 30. Kusiyanako kunatuluka m'thumba mwawo. Sanandikalipire. Anangoti, "Kope langa silinkagona tulo." Amwene, bola akanandimenya.

Mawa lake ndinapita nayo kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni pa msika. Asanaiyatse n'komwe anati ndi vairasi. Anaikamo antivirus ina pamwamba pa imene inalimo kale, kuphatikizapo kapulogalamu kena koti kamatsuka kompyuta. Ndinalipira. Kufika kunyumba, inali itaipiraipira. Ma antivirus awiri akamagwira ntchito nthawi imodzi, onse amafuna kufufuza fayilo iliyonse, ndiye disiki imalemedwa kawiri.

Madzulo amenewo madala anandipeza pakhonde nditagwira tsaya. Iwo za kompyuta sadziwa, koma injini ya boti amaidziwa ngati mwana wawo. Anati, "Iwe, injini ikakana kulira sumayamba ndi kumasula zonse. Umaona kaye mafuta, kenako pulagi, kenako kabuleta. Chimodzichimodzi. Ukasintha zitatu nthawi imodzi n'kulira, udziwa bwanji chimene chimavuta? Komanso uziona kuti imakana nthawi yanji, m'mawa kukuzizira kapena itatentha."

Funso lomalizalo ndi limene linanditsegula mutu. Ndinachotsa zonse anaika mnyamata uja, n'kutenga kope, inde kope, ndi wotchi ya pa foni. Kwa masiku anayi ndinkalemba nthawi iliyonse ndikaitseka, nthawi imene ndatsegula, ngati inali pa chaja kapena ayi, ndi masekondi amene yatenga kuti idzuke. Zimene ndinapeza ndi izi: ikakhala pa chaja, ngakhale igone usiku wonse, imadzuka m'masekondi osakwana 10. Ikakhala pa batire kwa maola angapo, mphindi zitatu kapena kuposa. Ndinaonanso kanyali kakang'ono ka m'mbali. Nthawi imene imadzuka msanga, kanyaliko kamakhala kakuphethira. Nthawi imene imachedwa, kamakhala katazimiratu.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti laputopu ili ndi tulo tamitundu iwiri. Toyamba ndi Sleep. Zonse umachita zimakhala zili mu RAM, makina akumwa moto pang'ono chabe kuti RAM isaiwale, n'chifukwa chake kanyali kamaphethira. Ukatsegula, zonse zili pompo. Tachiwiri ndi Hibernate. Apa makina amakopera zimene zili mu RAM kupita pa disiki, mu fayilo yotchedwa hiberfil.sys, kenako amazimiratu osamwanso moto. Podzuka amayenera kuwerenga fayilo yonseyo kuchoka pa disiki kubwezera mu RAM. Windows imasamutsa yokha laputopu kuchoka ku Sleep kupita ku Hibernate ikagona nthawi yaitali pa batire, kapena batire likatsala pang'ono kutheratu. Imatero pofuna kukupulumutsira ntchito yako. Ndiye tsiku lija pa doko laputopu sinafe ayi, inali pakati pobweza mawerengero anga, ine n'kuidula pakhosi. Zigoba 6 zija ndinazitaya ndi chala changa.

Funso linatsala linali pawiri: n'chifukwa chiyani ikuthamangira ku Hibernate msanga chonchi, ndipo n'chifukwa chiyani kudzukako kukutenga mphindi zonsezi?

Loyamba linali la batire. Mukatsegula Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport, imakupangirani fayilo ya battery-report.html n'kukuuzani pamene yaisunga. M'menemo yang'anani mizere iwiri. Design capacity ndi moto umene batire linkasunga lili latsopano. Full charge capacity ndi umene likusunga pano likadzadza. Langa linali litatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kunena kwina, ikamalemba 100% inali ngati chigubu cha malita 20 chimene chikungolowa malita 5. Kutentha kwa kuno nakonso sikukondana ndi mabatire amenewa, ndipo ine ndinkaisiya m'chikwama chakuda pa mchenga dzuwa lili pamutu.

Lachiwiri linali la disiki. Itangodzuka ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kutsegula Task Manager. Pa Disk panali 100% kwa mphindi zingapo, pa Memory pafupifupi podzadza. Hard disk yakale ili ndi mbale yozungulira mkati, ya laputopu nthawi zambiri imazungulira ka 5400 pa mphindi, ndi kasingano kowerenga. Ndi yochedwa kale poyerekeza ndi SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse. Kuwonjezera apo, RAM ya 4GB ikadzadza, Windows imasungira zina pa disiki yomweyo, ndiye ine ndi masamba anga a intaneti osatsekatseka aja ndinkaisenzetsa katundu wina. Komabe disiki yabwinobwino siyenera kutenga mphindi zinayi. Ndinaika kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kamene kamawerenga zimene disiki imanena yokha za thanzi lake. Ikakhala bwino kamalemba Good. Kwa ine kanalemba Caution, mwachikasu, pa mzere wa Current Pending Sector Count. Tanthauzo lake, pali malo ena pa mbale paja amene akukanika kuwerengeka, ndiye kasingano kamabwerezabwereza pamalo amodzi. Nditaika khutu ndinamva kakugogoda pang'onopang'ono. Disiki imeneyi inakwera nane njinga ya kabaza kangati pa msewu wa mabampu, nthawi zina isanamalize n'kuzima komwe?

Usiku womwewo ndinakopera mawerengero onse, masatifiketi ndi zithunzi pa flash, zina n'kudzitumizira pa imelo. Disiki ikayamba kulemba Caution sumadziwa tsiku lake.

Pali kena kamene ndinapeza panjira. Mu Task Manager, pa Performance, pa CPU, pali polembedwa Up time. Panga panalembedwa masiku 23, chonsecho ndinkadina Shut down pafupifupi usiku uliwonse. Chifukwa chake ndi Fast Startup, imene inayamba ndi Windows 8 mu 2012. Ukadina Shut down, mtima wa Windows sumazimiratu, umasungidwa mu hiberfil.sys muja kuti mawa iyake msanga. Ndiye ngati kena kasokonekera mkati, kamadzuka nako mawa. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Pano ndimadina Restart kamodzi pa sabata.

Kukonza kwenikweni kunafuna ndalama, ndipo kupempha madala pambuyo pa zigoba zija kunali kovuta. Ndinawaonetsa kope langa la masiku anayi lija, n'kuwafotokozera monga mmene iwo amafotokozera za injini: thanki yabooka, komanso pulopela yatha mano. Anayang'ana mizere ija nthawi yaitali. Anati, "Chofunika msanga n'chiti?" Ndinati disiki, chifukwa ikafa imapita ndi zonse, pamene batire tingapirire nalo pokhala pafupi ndi chaja. Anandipatsa theka, theka linalo ndinalipeza poyanika ndi kunyamula usipa milungu itatu. Msuweni wanga wa ku Lilongwe anandigulira SSD ya 256GB, ya SATA ya mainchesi 2.5 yolowa malo omwe munali yakale, n'kuitumiza ndi wogula usipa wina. Tinaikamo Windows mwatsopano. Pano kuchoka ku Hibernate imatenga masekondi osakwana 20. Batire likadali lomwe lija, tikudikira mdima wina wabwino.

Ndiye iwe mphwanga amene yako ikuchedwa kudzuka, usanapereke ndalama kwa aliyense chita izi. Yang'ana kanyali: kakuphethira kapena kazima? Ngati kazima, dina batani la pawa kamodzi kokha, uchotse chala, udikire. Kukanikiza osachotsa chala ndi kwa pamene zonse zakanika. Ngati fani ikulira ndipo manyali ayaka koma sikirini ili bii, dina batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Imalira kamodzi n'kudzutsanso driver ya sikirini. Zikamachitika kawirikawiri, driver imeneyo ikufunika yatsopano. Chotsa flash, mouse ndi modemu, uyesenso, chifukwa nthawi zina chochedwetsa chimakhala cholumikizidwa kunja. Lemba powercfg /a uone mitundu ya tulo imene makina ako ali nayo. Atsopano ambiri amalemba S0 Low Power Idle m'malo mwa S3, ndipo amenewo amatha kumwa batire ali m'chikwama. Mu Control Panel, pa Power Options, pa Change plan settings, kenako Change advanced power settings, pansi pa Sleep pali Hibernate after, pamene ungaone kuti imadikira mphindi zingati. Koma ngati batire lako ndi lofooka ngati langa, usaichotse Hibernate. Ukaichotsa, batire likatha ntchito yako yapita. Ndipo sintha chinthu chimodzi, uyese, ulembe, kenako china.

Chachikulu kuposa zonse ndi chaulere: Ctrl ndi S usanatseke chivundikiro. Nthawi zonse.

Dzulo maboti atakocheza ndinatsegula laputopu pa doko, inadzuka anthu asanamalize n'kutsitsa chilimira. Siginala uja anati, "Lero yagona kunyumba eti?" Ndikulemba, ndinaona madala atakhala pa bwato lakale lija, kope latsopano pa bondo, cholembera m'manja, akulemba zigoba zomwezo. Sindinawaletse. Madzulo tinafananitsa, zinagwirizana zonse kupatula chigoba chimodzi, ndipo titafunsa alovi, olondola anali iwo.

Tumizirani anzanu amene ali ndi malaputopu a tulo. Amene ali ndi funso andipeze pa doko m'mawa, koma abwere ndi chaja yake.