Mlendo wodutsa nyanja amafika thupi litatsalira m'mbuyo

Pa siteshoni ya Entre Lagos, pakati pa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, munthu amawoloka kupita ku Nayuchi m'dziko la Malawi osasintha wotchi yake. Kuno ikakwana 6 koloko, ukonso ndi 6 koloko. N'chifukwa chake anthu ambiri a m'boma la Mecanhelas amadabwa akaona mwana wawo wochokera kutsidya kwa nyanja ya Atlantic akusinza dzuwa lili paliwombo, koma usiku n'kumangotembenuka pamphasa.

Maulendo otere si achilendonso kuno. Pamene kampani ya Vale ya ku Brazil inkakonza njanji ya makilomita 912 yochoka ku Moatize kudzera pano mpaka ku Nacala, yomwe inatsegulidwa mu 2017, ena mwa amisiri ake ankachokera kwawo ku Brazil. Mabanja ena nawonso ali ndi ana amene anapita kusukulu kapena kuntchito ku Brazil ndi ku America. Kukagwa maliro kapena ukwati, anawa amapempha masiku ochepa chabe, nathamangira kumudzi kuti Loweruka liwapeze pakati pa abale.

Ulendo wake ndi wautali. Wochokera ku São Paulo amakwera ndege madzulo, nakhala mumlengalenga maola pafupifupi 9, n'kutera ku Johannesburg m'mawa. Akatero amakwera ndege ina yopita ku Nampula. Kuchoka apo pali makilomita oposa 300 kukafika ku Cuamba, pasitima kapena pagalimoto, kenako chapa yopita ku Insaca kapena ku Entre Lagos. Amafika fumbi lili mbuu, miyendo itatupa, tulo tili m'maso.

Koma kutopa kwa panjira kumatha munthu akagona usiku umodzi. Vuto lenileni ndi lakuti dzuwa silituluka nthawi imodzi dziko lonse. São Paulo ali m'mbuyo ndi maola 5 poyerekeza ndi kuno. New York ali m'mbuyo ndi maola 6 kuyambira mwezi wa March mpaka kumayambiriro kwa November, ndipo miyezi inayo ndi maola 7. Tsono thupi la munthu lili ndi wotchi yakeyake imene imatsata kuwala ndi mdima wa kumene wakhala. Ndege imamusamutsa usiku umodzi, koma wotchiyo imasuntha pang'onopang'ono, pafupifupi ola limodzi patsiku. Azungu vutoli amalitcha jet lag, ndipo limavuta kwambiri munthu akamalowera kum'mawa, monga amachitira obwera kuno.

Choncho mwambo wa ukwati ukayamba 9 koloko m'mawa, thupi la mwana wochokera ku São Paulo limati ndi 4 koloko m'bandakucha. Abale akamakagona 9 koloko usiku, iye kwake ndi 4 koloko madzulo. Nsima ya masana amangoitsina, njala n'kumupeza pakati pa usiku. Apa ndi pamene pamabuka mawu akuti mwanayu wayamba kunyada, sakufunanso chakudya cha amayi ake. Mabanja ena amasiyana mokhumudwa chifukwa cha zimenezi, chonsecho mwanayo alibe mlandu.

Akatswiri a za tulo amati amene akukhala masiku awiri kapena atatu okha asavutike kusintha wotchi ya m'thupi, popeza isanazolowere amakhala atabwerera kale. Ndi bwino abale amulole kudzuka mochedwerako, ndipo nkhani zikuluzikulu, monga za chuma cha masiye kapena za minda, azikambirane madzulo mutu wake uli bwino.

Wapaulendo nayenso ali ndi mbali yake. Ngati n'kotheka asankhe ndege yomufikitsa kutatsala tsiku lathunthu mwambo usanachitike. M'ndege yausiku adye msanga n'kuyesa kugona, amwe madzi ambiri, mowa aupewe. Akafika, tulo ta masana tisapitirire theka la ola, ndipo masana azikhala panja podzionetsa kuwala. Asayendetse galimoto kapena njinga yamoto pamsewu wa ku Cuamba atachezera usiku wonse m'ndege. Pobwerera asiye mpata wokwanira pakati pa chapa, sitima ndi ndege, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu imaterera, chifukwa ndege siidikira munthu.

Pali chinthu china chofunika kuchisamala. Kuno kufupi ndi madambo a Chiuta udzudzu ndi wambiri, ndipo munthu amene wakhala zaka kunja thupi lake limaiwala kulimbana ndi malungo. Agone m'masikito ngakhale akhale masiku awiri okha. Kusokonekera kwa tulo sikutenthetsa thupi. Ngati pakatha sabata kapena kuposerapo ayamba kumva kutentha ndi kuphwanya m'thupi, kaya ali kuno kaya wabwerera, apite kuchipatala msanga, akawauze madokotala kuti anali ku Niassa.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwana amene wadutsa nyanja kudzakhala ndi abale masiku awiri wataya ndalama zambiri ndi tulo take. Akayamba kusinza pabwalo, amayi amuyalire mphasa pamthunzi, madzulo adzacheza nawo mpaka usiku.