Kuchepetsa moto umene chipangizo chozimitsidwa chimadya pa kabatire kake

Chipangizo chamagetsi chikazimitsidwa, si zonse za m'kati mwake zimene zimagona. M'mawotchi a manambala ndi m'makina ena owongolera moto wa sola mumakhala microcontroller, kachipangizo ka miyendo yambiri kolamulira ntchito yonse, ndipo pambali pake pamakhala kabatire kozungulira kaphwatalala. Kabatireka kamayendetsa wotchi ndi kusunga zokumbukira pang'ono moto waukulu ukachoka. Kakatha, makina amaiwala tsiku ndi ola, ndipo babu loyenera kuyaka madzulo limayamba kuyaka masana.

Ku Amaramba, m'boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, kabatire kotere kamagwira ntchito maola ambiri kusiyana ndi m'tauni. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, imene ili kumpoto kwa nyanja ya Chiuta ndipo imatulutsa mtsinje wa Lugenda, imadalira kwambiri sola. Batire la m'nyumba likafooka usiku, kapena mitambo ikakuta masiku angapo m'dzinja, katundu yense amatsalira kabatire kaja. Kena kogula sikapezeka pa okala iliyonse, moti munthu angafunike kukafunsa ku Insaca, ku Cuamba kapena kutsidya ku Malawi. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito safulumira kusintha kabatire asanapeze chimene chakapha.

Ntchito imayamba ndi masamu. Kabatire kofala kwambiri ndi CR2032, ka mavoti 3, kotambalala mamilimita 20, kochindikala mamilimita 3.2, ndipo kamasunga moto wa pafupifupi 220 mAh. Chaka chili ndi maola 8,760. Chipangizo chodya microamp imodzi chingatenge zaka pafupifupi 25 kuti chimalize motowo, ngakhale kuti kabatire kamayamba kukalamba pakokha zakazo zisanakwane. Chodya ma microamp 20 chimakamaliza pa miyezi 15, pamene chodya 100 sichipitirira miyezi itatu. Wotchi yeniyeniyo imadya pang'ono zedi. Kachipangizo ka wotchi ka DS1307 sikafika theka la microamp kali pa batire, ndipo mwendo wa kabatire (VBAT) pa ma microcontroller ambiri a STM32 umadya pafupifupi microamp imodzi poyendetsa crystal ya 32.768 kHz. Choncho kabatire kakatha pa miyezi itatu, wolakwa kawirikawiri si microcontroller. Moto ukutayikira penapake pa bodi.

Poyeza, mmisiri amachotsa moto waukulu, n'kulowetsa kapepala pakati pa kabatire ndi kachitsulo kokapana, kenako n'kulumikiza mita mbali ziwiri za kapepalako kuti moto wonse udutse m'mitamo. Ngati mita yake siwerenga ma microamp, amaika resistor ya 10 kΩ pamalo pomwepo n'kuyeza mavoti a m'mbali mwake: ma millivolt 10 alionse ndi microamp imodzi. Amadikira kaye mpaka manambala atakhazikika, chifukwa ma capacitor amayamba amwa moto, ndipo sagwira bodi ndi zala popeza thukuta nalo limadutsitsa moto.

Malo oyamba kuwakayikira ndi ma resistor. Ya 10 kΩ yolumikizidwa ku kabatire, ngati mbali yake inayo ikufika ku nthambo ya negative, imadya ma microamp 300, ndipo kabatire kamatha mwezi umodzi. Ma resistor awiri a 100 kΩ oikidwa kuti makina azidziwa mphamvu ya kabatire amadya 15 usana ndi usiku. Njira yake ndi kuwasamutsira ku moto waukulu, kuikapo aakulu a ma megaohm, kapena kuwadula ndi transistor kuti azilumikizika pa nthawi yoyeza yokha.

Malo achiwiri ndi miyendo ya microcontroller. M'kati mwa miyendo yambiri muli ma diode oteteza. Mwendo ukapatsidwa mavoti chipangizo chili chozima, moto umadutsa m'ma diode amenewa n'kukalowa m'nthambo ya moto waukulu, kabatire n'kuyamba kudyetsa bodi lonse. Chizindikiro chake n'chakuti nthambo yoyenera kuonetsa ziro imaonetsa voti imodzi kapena awiri. Mmisiri amatsata nthambo iliyonse yochokera ku wotchi, makamaka SDA, SCL ndi yodzutsira makina, n'kudula imodziimodzi mpaka mita itagwa. Pa STM32 amayang'ananso miyendo ya PC13, PC14 ndi PC15, imene imadya kuchokera ku VBAT moto waukulu ukachoka, choncho LED yoikidwa pamenepo ingadye kabatire.

Chachitatu ndi diode yolekanitsa kabatire ndi moto waukulu. Ya Schottky imakondedwa chifukwa simeza mavoti ambiri, koma imadontha chobwerera, ndipo kudonthako kumawirikiza pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Bodi loyezedwa m'mawa pa madigiri 25 lingataye moto wowirikiza kanayi likafika pa 45 pansi pa denga la malata mu Okutobala kapena Novembala. Diode ya silicon yodontha pang'ono imathetsa vutoli, ndipo makina amayenera kukhala pamthunzi podutsa mphepo. Capacitor ya electrolytic yoikidwa pa kabatire nayonso imadontha, choncho imachotsedwa n'kuikapo ya ceramic.

Chachinayi ndi litsiro. Mpweya wa kunyanja ndi wachinyezi, ndipo fumbi, zotsalira za flux powotcherera, ndi tizilombo tofera pa bodi zimamwa chinyezicho n'kupanga njira yobisika ya moto. Pansi pa chopanira kabatire pamaoneka dzimbiri loyera kapena lobiriwira. Amatsuka ndi spiriti ya isopropyl ndi kaburashi, n'kuyanika bodilo mpaka liumiretu, kenako n'kupaka vanishi woteteza koma osakhudza pogundana kabatire.

Pali msampha winanso pa timabodi totchipa ta wotchi ya DS3231. Tambiri tili ndi diode ndi resistor ya 200 Ω zotchajira kabatire ka LIR2032. CR2032 sikatchajidwa, ndipo kakaikidwa pamenepo pa mavoti 5 kamatha kufufuma n'kufa msanga. Kuchotsa resistor ija n'kokwanira.

Ngati pulogalamu ya makinawo ingasinthidwe, mmisiri amazimitsa zonse zosafunika pa batire, monga kutulutsa kugunda kwa wotchi pa mwendo wa SQW ndi kusunga zokumbukira zimene sizigwiritsidwa ntchito. Pomaliza amayezanso kawiri, bodi lili lozizira komanso litatenthedwa pang'ono padzuwa. Manambala onse awiri akakhala pansi pa ma microamp atatu, kabatire katsopano kangathe kukhala zaka zoposa zisanu, ndipo tsiku lokaikira limalembedwa m'kati mwa chivindikiro kuti wodzatsegula m'tsogolo adzadziwe poyambira.